Filiza yafa itangotha masiku 9, kushopu akungondiloza chipepala chapakauntala

Amake Tada: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Pa 3 mwezi uno ndinagula dipu filiza m'tauni ya K780,000, ndalama yake ndinakongola ku banki m'khonde kuti ndizipanga mafilizesi komanso kusungamo nkhuku zogulitsa. Yagwira masiku 9 okha, Lachisanu usiku inangoyamba kulira ngati chigayo kenako zii, kagetsi kakuyaka koma kuzizira ayi. Lero ndapita kushopu kuja bwana wake sanandiyang'ane ndi kumaso komwe, wangondiloza chipepala chomata pakauntala chija cholembedwa kuti katundu ukagula sabwezedwa. Akuti magetsi akwanu ndi amene awotcha. Nkhuku 14 zinayamba kununkha zina ndagawira maneba zina ndakwirira. Nditani ine

Nachisale: Mayooo pepani asisi. K780,000 si masewera

Jah Man wa ku 36: Tchulani dzina la shopuyo tiyiyalutse pa Facebook mawa lomweli adzakuimbirani okha

Admin: Ayi mayina a mashopu pagulu pano sititchula, munaiwala za chaka chatha zija tinatsala pang'ono kutengeredwa kukhoti? Muthandizeni mayiyu nzeru basi

Nachisale: Koma lisiti muli nalo?

Amake Tada: Ndi pamene pali vuto asisi. Anandiuza kuti ndikafuna lisiti la makina lija mtengo ndi wina, ndikapanda kufuna andichotserako K60,000. Ine ndi umphawi wangawu ndinati chotsani, ndiye ndinalipira K780,000 ija. Anangondilembera kapepala ka pamanja ka kashi selo, chidindo chilipo koma sichikuwerengeka bwino

Jah Man wa ku 36: Eeeh apa ndiye mwadziwotcha nokha mayi

Bambo a Mphatso: Sanadziwotche ayi, musawaopseze. Ine si loya koma ndinagwirapo ntchito ya paralegal zaka zingapo ndiye tinkakumana nazo zoterezi. Amake Tada choyamba mtima pansi. Chipepala chapakauntalacho si lamulo, ndi inki chabe, aliyense atha kulemba zomwe akufuna n'kumata pakhoma. Lamulo la Competition and Fair Trading limaletsa wamalonda kudzichotsa pa udindo wa katundu wobwera ndi vuto, ndipo a CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda ndi madandaulo a ogula, akhala akunena kambirimbiri pawailesi kuti zolemba zoterezi nzosaloledwa. Ndiye amene walakwira lamulo poyamba ndi iyeyo pomata chipepalacho, osati inu pobwerera ndi filiza yakufa. Za lisiti, inde la makina lija likanakhala bwino kwambiri, koma chomwe chikufunika ndi umboni woti munagula pamenepo tsiku lakutilakuti. Munalipira bwanji, kashi yonse?

Amake Tada: K500,000 ndinatumiza pafoni pa nambala ya shopu, yotsalayo kashi

Bambo a Mphatso: Basitu. Uthenga umenewo musafufute, ujambuleni screenshot mutumize kwa munthu wina kuti foni ikatayika usasowe. Kapepala ka pamanja kaja kajambuleninso lero lomwe. Nanga mubokosi munalibe khadi la waranti?

Amake Tada: Lilimo lalembedwa miyezi 12 koma sanadinde sanalembeponso deti

Bambo a Mphatso: Chizolowezi chawo chimenecho. Lisungeni lomwelo. Ndipo chonde chonde musaitane amisiri a m'dera kuti ayitsegule, akangomasula sikuluwu imodzi basi mwawapatsa pothawira, adzati munaiwononga ndinu

Amake Tada: Ee bambo akunyumba anali atamuitana kale mnyamata wina wamafiliji kuti abwere mawa, ndimuletsa pompano

Wa Okala: Ndilankhuleko ine monga wogulitsa, musandigende. Zomwe akunena a Bambo a Mphatso nzoona koma inunso makasitomala muli ndi zanu. Ine ndili ndi kashopu ka zamagetsi ku Mchesi, munthu amagula ketulo n'kukayatsa mulibe madzi, yapsa, mawa ali pakhomo akuti munandigulitsa yakufa. Wina anagula sipika Lachisanu, wakaimbira pa chinkhoswe Loweruka, Lolemba akubweza ati sinandisangalatse. Ndiye chikwangwani chimenecho ena timaika chifukwa chotopa. Komanso komwe timapikula katunduyo nafenso satilola kubweza, ukangotuluka naye pageti ndi wako, ndiye ndikabweza ndalama kwa kasitomala aliyense ine ana anga adya chani

Nachisale: Ndiye mukuti mayiyu angokhala? K780,000?

Wa Okala: Sindinatero asisi. Ndikungoti filiza ili ndi malamulo ake. Ukainyamula chogoneka pa pikapu umafunika uyiimike maola angapo osayatsa kuti oilo abwerere mu kompulesa. Ndiponso ndi magetsi athu ozimazimawa popanda filiji gadi ndi kutchova njuga. Amake Tada gadi munaika?

Amake Tada: Ndinaika achimwene, anandigulitsa okha tsiku lomwelo K25,000 ndipo alemba pakapepala pomwepo. Ndipo inabwera choimirira, tinayatsa mawa lake. Filiji ya maneba tili nawo mita imodzi ikugwira bwinobwino, TV yanga ikugwira, ndiye magetsiwo anasankha filiza yokhayo?

Jah Man wa ku 36: kkkkk magetsi a tsankho

Wa Okala: Aaa ngati gadi anakugulitsani okha ndiye nkhani ya magetsiyo ndi bodza. Kompulesa imeneyo inabwera yodwala kale. Apo ine sindingawaikire kumbuyo

Bambo a Mphatso: A Okala mfundo yanu ija ndi yabwino ndipo anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Pali kubweza chifukwa katundu ali ndi vuto, pali kubweza chifukwa wangosintha maganizo. Wa sipika uja mukanamukaniza palibe akanakumangani. Ukagula diresi n'kukafika kunyumba n'kuona kuti mtundu wake sukukukhala, kusinthitsa kumeneko ndi chisomo cha mwini shopu. Koma chinthu chogulitsidwa ngati chatsopano chikalephera ntchito yomwe unachigulira, imeneyo ndi nkhani ina, ngakhale lamulo lakale lija la Sale of Goods limanena kuti katundu azikhala woyenera ntchito yake. Vuto la chikwangwani chanucho n'loti chimaphatikiza onse, wachinyengo ndi wolakwiridwa yemwe. Ndipo zoti kopikula sakulolani kubweza, inunso kumeneko ndinu ogula, kalimbaneni nawo, musamutsitsire mtolo mayi wa mafilizesi

Wa Okala: Kulimbana ndi amene amakupatsa katundu pangongole? Khoswe akakhala pamkhate sapheka bwana

Mjomba wa ku Joni: Moni nonse ndangotuluka kuntchito ndawerenga zonse. Kuno ku South Africa lamulo lawo la Consumer Protection Act la 2008 limapereka miyezi 6, chinthu chikawonongeka chokha mkati mwa miyezi imeneyo umabwerera nacho ndipo wosankha ndi iwe wogula kaya akukonzere kaya akupatse china kaya ndalama. Ine ndinabwezapo maikulowevu ku Randburg mtsikana wapatilu sanafunse ndi funso lomwe anangoona silipi basi. Koma musaganize kuti ndi kumwamba, mashopu ang'onoang'ono a mafoni m'tauni mwa Johannesburg ndi chimodzimodzi kwathu, makamaka akaona kuti ndiwe mlendo ndipo mapepala ako ndi okayikitsa amadziwa kuti sungapite kulikonse kukadandaula

Nesi wa ku Leeds: Kuno ku UK ndi masiku 30 oyamba, chikakhala ndi vuto umabweza n'kulandira ndalama zako zonse, lamulo la 2015. Chomwe ndinaona ine n'choti azungu sachita manyazi kubweza chinthu ngakhale cha mapaundi awiri. Ife timaopa kuti anthu atiyesa amphawi kapena ovuta

Chipata Boy: Ife ku Zambia kuli CCPC, bungwe lofanana ndi CFTC yanu, lamulo la 2010 linaletsa zikwangwani zimenezo ndipo amalipiritsa akakupeza nacho. Koma pitani mumsika muone, ena anangochotsa pakhoma n'kukazilemba tating'ono pansi pa lisiti kkkk

Jah Man wa ku 36: Inu a kunja mukutiuza za kunja, kuno ndi ku Malawi. Mabungwe amenewa ndi ongodya ndalama za misonkho, ukapita akuuza kuti tikufufuza mpaka filizayo idzachita dzimbiri. Njira ndi imodzi, kutenga anyamata anayi kukaitula pakhomo pa shopu n'kuyamba kukuwa, makasitomala akayamba kuthawa bwanayo atulutsa ndalama yekha

Bambo a Mphatso: Ndipo akaitana apolisi amene agone m'selo ndi ndani? Mayiyu ali ndi mlandu wabwino, musamusandutse wolakwa. Zoti amachedwa sindikana, ndipo kale analidi ofooka manja, khoti linagamulapo kuti lamulo lakale la 1998 silinkawapatsa mphamvu yolipiritsa okha chindapusa. N'chifukwa chake linakonzedwanso, latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024, pano atha kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso kulipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe yapanga pachaka. Mwini shopu wanzeru akamva dzina limeneli amawerengera kaye, filiza imodzi kapena 10 peresenti

Aphunzitsi Opuma: Ana inu mundilole ndiponyepo mawu. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu mitengo ya zinthu zambiri ikuikidwa ndi boma, ukalowa mu PTC kapena Kandodo mtengo wa sopo unali womwewo, koma pakamwa panali potseka, ukanadandaula kwa yani? Zinthu zitamasuka m'ma 1994 ndi pamene tinayamba kumva za bungwe lomenyera ufulu wa ogula la CAMA ndi a John Kapito akukalipa pawailesi za mitengo. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act linabwera mu 2003. Ndiye malamulo alipo, akhalapo zaka zoposa 20. Chimene ndimaona ine n'chakuti tinaleredwa kuti kufunsa ndi mwano. Munthu wagula buledi wankhungu amangochotsa pankhungupo n'kudya kwinako, ati ndisavutane ndi anthu. Ine ndinkaphunzitsa ana kuti pa 15 March ndi tsiku la ufulu wa ogula padziko lonse, kuchokera pa zomwe John F. Kennedy analankhula ku nyumba ya malamulo ya ku America mu 1962, ana ankalemba bwino pamayeso, koma mayi awo akawatuma shuga n'kupatsidwa switi m'malo mwa chenji ankangolandira

Nachisale: Nkhani ya switi imeneyo imandinyansa!! Tsiku lina ndinasunga maswiti awo anayi n'kubwerera nawo kuti ndilipirire machesi, mtsikana wapatilu anati sitilandira switi. Ndinati nanga ine ndi amene ndimalandira?

Jah Man wa ku 36: kkkkkkk asisi inu ndinu oopsa

Mayi Busa: Nanga za shuga zija nthawi imene ankasowa, ukafuna paketi imodzi akuti ugulenso sopo kapena juwisi wa K3,000. Zimenezonso zinali zololedwa?

Bambo a Mphatso: Ayi amayi, kukakamiza munthu kugula china kuti umugulitse chomwe akufuna n'koletsedwanso, kubisa katundu kuti mtengo ukwere chimodzimodzi. Kungoti nthawi ya kusowa aliyense amaopa kuti akalankhula achotsedwa pamzere

Mlimi wa ku Mitundu: Inu mukulira switi, bwerani kumudzi muone. Mavenda ogula soya sikelo zawo thumba loti kunyumba wayeza 50 kg kwa iwo likukwana 44, ukatsutsa akuti sikelo yako ndi yabodza. Pogulitsa chimanga chigoba chake anachiponda pansi n'kulowa mkati, pogula amatulutsa china chotupa ngati mimba ya mbuzi. Chaka chatha mlamu wanga anagula feteleza thumba losokedwa bwinobwino kukatsegula theka ndi mchenga. Ameneyo akadandaule kuti, wogulitsayo anali pa lole tsiku la msika lero kulibe

Bambo a Mphatso: Za sikelo ndi za a Malawi Bureau of Standards, ndi amene amayeza sikelo ndi mapampu a mafuta n'kuikapo chizindikiro chawo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti chizindikirocho chili pati musanakweze thumba. Za katundu wotha masiku m'mashelefu ndi omwewonso. Koma wa pa lole uja ndinene zoona, kumupeza n'kovuta, feteleza ndi mbewu gulani kwa ma agro dila okhala ndi shopu yoti mawa mukaipeza ili pomwepo

Mlimi wa ku Mitundu: A MBS wo kuno timangowamvera pawailesi

Nesi wa ku Leeds: Poti tafika pa madandaulo, ndalama ndikatumiza kumudzi ejenti wina amawadula amayi anga ina pamwamba pa chaji ya masiku onse ati ya netiweki. Zimenezi n'zopita kuti?

Bambo a Mphatso: Ayambe kuimbira kampani ya foniyo apereke nambala ya ejentiyo, ndipo atenge nambala ya dandaulo. Zikakanika za ndalama ndi mabanki zimapita ku Reserve Bank, za mayunitsi ndi mabandulo ku MACRA, za mafuta ndi magetsi ku MERA. Koma kulikonseko funso loyamba adzafunsa kuti kodi eni akewo munawauza, anayankha chani

Admin: Abale tabwererani kwa Amake Tada, tafika kale ku soya

Amake Tada: kkkk zikomo a Admin ndimangowerenga. Ndiye mawa ndipange chani kwenikweni, ndinyamule filizayo?

Bambo a Mphatso: Musanyamule kaye, mungalipire transipoti kawiri. Lembani kalata, Chichewa chomwechi palibe vuto, yaifupi. Deti lomwe munagula, mtundu wa filiza ndi siriyo nambala yake ili kumbuyo pa kasitika, ndalama zomwe munalipira, tsiku lomwe inasiya kugwira, ndi chomwe mukufuna. Pamenepa musazungulire, lembani kuti ndikufuna ina yatsopano kapena ndalama zanga pasanathe masiku 7, kupanda kutero nkhaniyi ndikaitula ku CFTC. Makope awiri, imodzi muwapatse ina asainire kuti alandira. Akakana kusaina musakangane nawo, lembani nokha pakope yanuyo nthawi ndi kuti anakana, ndipo mupite ndi munthu wina woti adzachitire umboni. Chipepala chapakauntala chija chijambuleni mwakachetechete. Kapepala ka kashi selo koyambirira musawapatse ngakhale atati tikaone ku ofesi, apatseni fotokope. Mawu okweza ayi, kutukwana ayi

Aphunzitsi Opuma: Ndipo muvale bwino mwana wanga, anthu amenewa amayang'ana nsapato asanamve mawu

Mayi Busa: Ine ndikuperekezani, 9 koloko ndili pa depoti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Jah Man wa ku 36: Nanga nkhuku 14 zija alipira ndani

Bambo a Mphatso: Aziike m'kalatamo ndi mtengo wake, kupempha sikulakwa. Koma ndisaname, zimenezo nthawi zambiri mpaka kukhoti kwa majisitireti, ndiye munthu umayeza wekha ngati nkhuku 14 zikuyenera maulendo akukhoti. Chachikulu filiza, ndipo changu chikufunika, paja amati mlandu suwola koma waranti imawola

Wa Okala: Langizo langa monga wamalonda, mukafike m'mawa makasitomala asanachuluke ndipo mufunse bwana weniweni osati anyamata apakauntala, iwo aja alibe mphamvu amangouzidwa kuti muzikana. Ndipo mukamupatse mpata woti agonje osachita manyazi pamaso pa antchito ake. Munthu ukamuchititsa manyazi amalolera kuluza

Amake Tada: Ndamva nonse. Tada akundilembera kalatayo panopa ali ndi dzanja labwino

Lachinayi

Nachisale: Amake Tada mwangoti zii bwanji, zinatha bwanji?

Amake Tada: Pepani abale bandulo inatha. Tinapita Lachiwiri ndi Mayi Busa. Poyamba bwana uja anati alibe nthawi, kalata anakana kulandira, ndiye Mayi Busa anangotulutsa foni n'kujambula chipepala chija ali phee. Anafunsa kuti mukujambulanji, ine ndinati tikufuna tikawaonetse a CFTC kuti atiuze ngati n'zoona kuti katundu sabwezedwa. Anatenga kalata ija n'kutiuza kuti tikhale pabenchi. Tinakhala pafupifupi maola awiri ndithu osatilankhula, ine mtima uli thi thi thi ndimafuna kungonyamuka koma amayiwa anandigwira chitenje. Kenako anabwera ndi kalata ija ataiwerenga, akuti mayi nkhani yaing'ono ngati iyi mpaka kulemberana makalata? Anatuma mmisiri wawo tinapita naye kunyumba, watsegula wapeza kompulesa yafa ndipo gadi ali bwinobwino, ananena yekha pamaso pa bambo akunyumba kuti ndi yachitatu ya mtundu umenewu kubwerera mwezi uno

Jah Man wa ku 36: Yachitatu!! Ndiye ankadziwa nthawi yonseyi

Amake Tada: Ndiye amafuna angosintha kompulesa, ine ndinakana ndinati ndinagula yatsopano sindikufuna yokonzedwa. Tinakokanakokana mpaka dzulo andipatsa ina ya mtundu wina, yocheperako pang'ono malita koma ndavomera ndatopa. Waranti adinda ndaonetsetsa, deti alemba. Transipoti yobweza yakufayo ndi kutenga inayo K30,000 ndalipira ndekha, za nkhuku anangoseka

Bambo a Mphatso: Yocheperako mtengo wake ndi chimodzimodzi? Ngati ndi wotsika akubwezereni yapamwambayo

Amake Tada: Pashelefu inalembedwa K745,000. Ndinafunsa akuti mitengo inakwera kale ndiye zafanana. Ndinalibenso mphamvu achimwene

Wa Okala: Mmm apo wakudyeranibe K35,000 koma bola

Nachisale: Nanga chipepala chija achotsa?

Mayi Busa: Chilipo, angochisuntha achimata kuseri kwa mafani

Bambo a Mphatso: Chithunzi chija muli nacho, mutha kukadandaulabe ngakhale filiza mwalandira, ofesi yawo ili mu Lilongwe momwemuno ndipo salipiritsa. Anthu awiri enawo amene anabweza mafiliza mwina anangouzidwa za magetsi n'kubwerera kwawo

Amake Tada: Ndiganizira, panopa mutu uli pa banki m'khonde Loweruka ndikufunika kubweza K95,000 ndipo sabata yonse sindinagulitse kanthu. Yatsopanoyi ndayatsa m'mawa uno, ndaikamo a malambe ndi a bwemba

Jah Man wa ku 36: A malambe mundisungire 20 ndidutsa madzulo. Koma lisiti mundipatse la makina

Amake Tada: Iwe Jah Man usandiyambe kkkk. Ubwere ndi chenji, switi ndilibe